Pakhonde pa Azakhali: Viniya, M'bawa ndi Tebulo Loletsedwa Kudyerapo

Ana anga, sabata ino mwandidabwitsa. Ndinazolowera makalata onyowa ndi misozi: uyu akuti mwamuna wake amagona ndi foni m'thumba, uyo akuti apongozi anabwera kudzaona khanda koma khandalo layamba sukulu iwo asanabwerere kumudzi. Lero makalata onse akununkha utuchi. Ngati mumati mundikole ndi nkhani za matabwa, mwagwa nayo. Agogo anu, bambo anga ondibereka, anali kalipentala, ndipo wosonkhezera moto pa mphika wa guluu ndinali ine. Sendezani mipando, tiyambe.

KODI NDIMUSIYE?

Zikomo Azakhali,
Ndili pa chibwenzi ndi mnyamata wina mmisiri wa matabwa, ndipo chinkhoswe chayandikira. Wandipangira kabati ya madilowa yofanana ndi zija za Angelezi akale, yokongola moti anthu amabwera kudzangoiona. Koma tsiku lina mayi anasolola dilowa n'kupeza kuti m'kati ndi paini, m'bawa uja ndi kachikopa chabe komata pamwamba. Chiyambireni akungoti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, munthu wonama pa thabwa adzanamanso pa banja. Kodi ndimusiye?
Wothedwa Nzeru, Zingwangwa

Mwanawe, ukufuna kutaya mwamuna chifukwa cha dilowa? Anzako akulira ndi amuna amene chitseko chikaguluka amachitsamiritsa ndi mtondo mpaka chaka kutha, iwe wapeza wodziwa kupanga kabati yosonkhanitsa anthu, ndiye ukuti umusiye? Ukamusiya undiuze msanga, ndili ndi ana a achimwene ambiri amene akusowa banja.

Kachikopa kamene kawakwiyitsa mayi akoko amisiri amakatcha viniya. Ndi thabwa lenileni, kungoti ladulidwa mopyapyala kwambiri n'kumatidwa pamwamba pa thabwa lina. Luso limeneli silinayambe ndi chibwenzi chakocho. Manda a Tutankhamun, mfumu ya ku Egypt, atapezeka mu 1922, munali mipando ndi mabokosi okutidwa ndi tizidutswa ta mtengo wakuda wa ebony ndi ta minyanga ya njovu. Ku England, m'nthawi ya Mfumukazi Anne amene analamulira kuyambira 1702 mpaka 1714, makabati a anthu olemera ankakhala a paini kapena oak m'kati, kunja n'kukutidwa ndi viniya wa walnut. Ngati mnyamata wakoyo ndi wabodza, ndiye kuti bodza lake ndi lomwe lija ankaligula ndi ndalama zambiri akuluakulu a ku London.

Ankachitiranji zimenezi? Maluwa okongola kwambiri a mtengo amakhala pamalo ovuta: pamphanda pamene nthambi ziwiri zikuluzikulu zasiyana, pachitsa, ndi pa zotupa zija zimamera pathunthu. Pamenepo mitsempha ya mtengo imazungulirazungulira, ndipo ukachekapo thabwa lochindikala limapotoka ndi kung'aluka likamauma. Ukalidula mopyapyala n'kulimata pa thabwa lofatsa, kukongola kumakhala, kupotoka kumatha. Komanso mapepala a viniya odulidwa motsatizana pa chipika chimodzi amafanana maluwa, ndiye mmisiri amagoneka awiri moyang'anizana, a kumanzere n'kukhala chithunzi cha a kumanja. Kayang'ane kumaso kwa madilowa akowo. Ngati anachita zimenezi, ndi munthu wa maso. Viniya wa masiku ano, wodulidwa ndi mpeni wa makina, amachindikala pafupifupi mamilimita 0.6. Pamene pakanatuluka thabwa limodzi la mamilimita 25 pamatuluka mapepala pafupifupi 40. Mmene yatheramu mitengo ya m'bawa m'mitsinje mwathu, munthu wotero ndi wofunika kumuthokoza.

Mayi ako usawanyoze. Anapsa kale ndi makabati aja a utuchi wopanikiza, okutidwa ndi pepala lojambulidwa maluwa a mtengo, amene madzi okolopera akangowakhudza kumapazi amafufuma n'kuyamba kunyenyeka. Mkuyu wa nyerere ndi umenewo. Atenge mayiwo mukaiyese limodzi kabatiyo. Gogodani ndi chikhadabo pamwamba ponse: pomatika bwino pamamveka mawu olemera, pamene guluu sanagwire pamamveka kuti pha pha. Sololani dilowa muone m'makona ngati matabwa alowerana mano ndi mano, kalumikizidwe kaja amati dovetail, osati kungokhomedwa ndi misomali. Likankheninso muone ngati likulowa lokha popanda kulimenya ndi bondo. Zikakhala bwino zonsezi, latsala funso limodzi: iye anakuuza kuti ndi viniya, kapena anati ndi m'bawa wokhawokha? Ngati ananena zoona, kasoketse diresi. Ngati ananama, mlandu uli pakamwa pake, paini alibe chifukwa.

NDADYA KALE DIPOZITI

Azakhali,
Ndine kalipentala ku Mchesi. Bwana wina wandionetsa pa foni chithunzi cha mipando yodyerapo, akuti ndimupangire 6 ya Chippendale. Ine pochita manyazi ndinangoti ndimaidziwa, poganiza kuti ndi dzina la sitolo ya ku Joni. Dipoziti ndadya kale. Ndigwiritse ntchito matabwa anji? Mnzanga akuti paini wopaka utoto wofiirira adutsa, bwanayo sangadziwe.
Mmisiri Wamantha, Lilongwe

Iwe mwana, mbewa ya manyazi inafera kuuna. Ndalama wadya, mwini dzina osamudziwa! Thomas Chippendale si sitolo. Anali mmisiri mnzako, wobadwa mu 1718 ku Otley m'chigawo cha Yorkshire, amene anadzatsegula shopu yake pa St Martin's Lane mumzinda wa London. Mu 1754 anasindikiza buku la zojambula za mipando, matebulo ndi makabati lotchedwa The Gentleman and Cabinet-Maker's Director, ndipo amisiri akutali, mpaka ku America, ankakopera mmenemo. Anamwalira mu 1779, koma mpaka lero mpando wa msana wosemedwa moboolaboola, wa mapewa otambasuka ndi miyendo yakutsogolo yokhota, umatchedwa dzina lake. Ukakumananso ndi bwanayo unene zimenezi mokweza, aone kuti ndalama zake sizinapite kwa mbuli.

Mtengo wa mipando imeneyo unali mahogany. Poyamba Angelezi ankakonda walnut, koma chisanu choopsa cha mu 1709 chinapha mitengo yambiri ya walnut ku Ulaya, ndipo mu 1720 dziko la France linaletsa kugulitsa matabwawo kunja. Chaka chotsatira, mu 1721, Britain inachotsa msonkho pa matabwa ochokera m'maiko amene inkawalamulira ku America, ndiye mahogany a ku Jamaica anayamba kufika ambiri. Odula ndi okoka mitengoyo m'nkhalango anali akapolo ochokera kuno ku Africa; ukamasirira chithunzi cha bwanacho, zimenezonso uzizidziwa. Amisiri anaukonda mtengowu chifukwa umasemeka bwino, supotoka wamba, ndipo ngakhale uuboole maluwa mpaka kutsala timizere toonda, suthyoka msanga.

Nzeru za mnzakoyo uzisiye pamene unazitola. Paini ndi wofewa ndiponso ali ndi mfundo. Ukasema msana wa mpando woterowo pa paini, bwana akadzangoyedzamira atakhuta nsima, mudzakumana kupolisi. Utotonso paini amamwa mokondera, pena bii pena mbee, mpando wonse mawangamawanga. Paini wa ku Chikangawa ali ndi malo ake: kumbuyo kwa kabati, pansi pa dilowa, kapena ngati maziko omatapo viniya. Bulugamu ndi wolimba koma amang'aluka ndi kupotoka pouma, asiyire okhoma madenga.

M'bale wake wa mahogany uli naye pakhomo pomwepa: m'bawa. Ndi mitengo ya banja limodzi, n'chifukwa chake kunja amautcha African mahogany. Vuto lake ndi loti mitsempha yake imapingasana, ndiye puleni yobuntha imazula m'malo mopala. Nola mpeni wa puleni mpaka uzimeta ubweya wa pamkono, uzichotsa pang'onopang'ono, ndipo umalizire ndi kachitsulo kopalira usanagwire sandipepa. Mlombwa nawonso ndi wabwino, uja ku Zambia amati mukwa, ku South Africa kiaat; ukauma susunthasuntha ngati mitengo ina. Koma gula wa mtima wofiirira. Mbali yoyera ya kukhungwa imafumbwa, ndipo pakatha chaka akunyumba kwa bwana adzayamba kusesa ufa pansi pa mipando. Wina akakunong'oneza kuti ali ndi mkungudza wa ku Mulanje, tseka makutu. Ndi mtengo wa fuko lathu, watsala pang'ono kutheratu paphiri paja, ndipo kuudula n'kuphwanya lamulo. M'bawa ndi mlombwa nayonso yayamba kusowa, moti pa msonkhano wa CITES ku Panama mu 2022 inaikidwa pa mndandanda wa mitengo yofunika chilolezo poigulitsa kunja kwa dziko. Gula kwa ocheka amene ali ndi mapepala a ku Forestry, usadzagone m'chitokosi chifukwa cha mpando wokhalapo wina.

Tsopano nkhani yaikulu ndi kuuma. Thabwa laliwisi lili ngati mkamwini wongofika kumene: miyezi yoyamba ndi waulemu, khalidwe lake lenileni umaliona chaka chikatha. Amisiri akale ankawerengera chaka chimodzi pa mamilimita 25 alionse a kuchindikala kwa thabwa. Miyendo yokhota ija imasemedwa pa chipika chochindikala pafupifupi mamilimita 70, ndiye werengera wekha. Bwana sangadikire zaka zitatu, choncho funafuna matabwa ouma kale, ngakhale zitseko ndi mafelemu akale a m'bawa kapena mlombwa kwa anthu amene akugwetsa nyumba. Ukagula atsopano, asanje pamthunzi, pamwamba pa njerwa, uike timitengo pakati pa thabwa ndi thabwa kuti mphepo izidutsa, ndipo kumapeto kwake upake penti kuti asang'aluke. Pofuna kudziwa ngati auma, dula kachidutswa uzikayeza pa sikelo sabata iliyonse. Kulemera kukasiya kutsika, ndiye kuti ntchito ikhoza kuyamba. Polumikiza ndi motisi ndi tenoni basi, msomali usaoneke. Mawa lomwe pita kwa bwanayo ukamuuze ndalama zenizeni ndi nthawi yeniyeni. Akakana, m'bwezere zake pang'onopang'ono. Dzina la mmisiri likaonongeka, silimatika ndi guluu aliyense.

A NEBA ANDILODZA

Azakhali anga,
Ndinagula viniya ndili ku Joni, ndipo nditafika kuno ndinamumata pa katebulo ndi guluu uja timamatira nsapato. Tsiku loyamba kanali kokongola. Pano viniya watupa matuza, m'mphepete akusendeka, ndipo thabwa lapamwamba lapindika. Akazi anga akuti a neba andilodza chifukwa cha nsanje, tipite kwa sing'anga.
Wolodzedwa, Chipata

Bambo, a neba asiyeni agone tulo tawo. Mfiti yanu ili m'kachitini kaja munakasiya pawindo. Guluu wa nsapato sauma gwa, amakhala wotanuka moyo wake wonse. Viniya ndi mtengo, mvula ikagwa amafufuma, dzuwa likaomba amakhwinyata, ndipo guluu wotanuka amangomulola kuyenda mpaka atukuke. Kupindika kwa thabwako n'chifukwa choti munamata mbali imodzi yokha. Mbali yokutidwa ndi yosakutidwa sizimwa chinyezi mofanana, ndiye imodzi imakoka inzake. Mukamata pamwamba, matani ndi pansi pomwe, ngakhale ndi viniya wotchipa, mitsempha yake ilowere kumodzi ndi ya wapamwamba.

Amisiri a m'nthawi ya Chippendale ankagwiritsa ntchito guluu wophikidwa kuchokera ku zikopa ndi mafupa a ng'ombe. Amagulitsidwa wouma, timibulumibulu. Mumamuviika m'madzi ozizira usiku, m'mawa n'kuika kachitini kake m'kati mwa mphika wa madzi otentha kuti afunde pafupifupi madigiri 60. Asabwate, akabwata mphamvu yatha. Mumadziwa kuti wakonzeka akamatsika pa bulashi mosadukiza. Za fungo lake sindikubisirani, agalu onse a m'mudzi adzabwera kudzakupatsani moni.

Maziko akhale thabwa louma, lowongoka, lopanda mfundo. Likandeni ndi sandipepa wokhakhala, lipakeni guluu wosungunula kwambiri ndi madzi, lisiyeni liume. Tsiku lomata, nyowetsani viniya pang'ono, pakani guluu wofunda pa thabwa, yalani viniya, pakaninso guluu pang'ono pamwamba pake kuti hamala iziterereka. Hamala ya viniya si yomenyera. Ndi kathabwa ka chigwiriro, kunsi kwake kuli kachitsulo kosalala kopanda msonga, ndipo mukhoza kudzipangira nokha. Mumayambira pakati, dzanja limodzi pa chigwiriro, lina likutsindika pamutu, thupi lonse kulemerera pamenepo, n'kumayenda mokhotakhota kulowera kumapeto motsata mitsempha. Mudzaona guluu akutumphuka m'mphepete, ndipo mudzamva kuthetheka pang'ono mpweya ukamathawa. Musakankhe mwamphamvu mopingasa mitsempha, chifukwa viniya amatambasuka, ndipo pouma amabwerera n'kusiya ming'alu. Guluu akazizira musanamalize, yalani kansalu konyowa, dutsanipo ndi simbi yofunda, osati yositira malaya a tchalitchi itapsa kwambiri, asungunukanso, inu n'kupitiriza. Ubwino wake ndi umenewo: amakhululuka. Ngakhale patapita zaka 200, wokonza amatha kumasula ntchito yake ndi kutentha ndi chinyezi n'kumatanso.

Mukamaliza gogodani ndi chikhadabo. Mukapeza thuza, chekani ndi lezala motsata mitsempha, lowetsani guluu, fundizani ndi simbi, ikani pepala ndi kathabwa pamwamba, panikizani ndi kilampu usiku wonse. Guluu wa zikopa akasowa, guluu woyera wa matabwa agwira, koma iye safuna hamala: pakani mopyapyala mofanana, panikizani pakati pa matabwa awiri owongoka, makilampu muyambe kumanga a pakati kenako a m'mphepete. Katebulo kanuko kasendeni, chotsani guluu yense wa nsapato, muyambirenso. Ndalama imene akazi anu asungira sing'anga mugulire makilampu.

TIKUDYERA PA MPHASA

Okondedwa Azakhali,
Amuna anga atapuma ntchito ya uphunzitsi anayamba ukalipentala. Apanga tebulo la m'bawa lonyezimira moti umadziona nkhope, akuti ndi French polish. Vuto ndi loti palibe wololedwa kuikapo kanthu. Ife timadyera pa mphasa, tebulo lili poteropo lofunditsidwa chitenje changa chatsopano. Sabata yatha alamu anga anaikapo kapu ya tiyi ndi tambula ya kachasu, ndiye pakhala mabala awiri, lina loyera lina lodyeka. Kuchokera tsikulo amuna anga salankhula ndi munthu. Nditani?
Wodyera Pansi, Zomba

Mayi, aphunzitsi sapuma ntchito. Kale ankalondera mayeso, lero akulondera tebulo. Koma musanawatumizire ankhoswe, imvani kaye thukuta limene linagwera pamenepo.

French polish si chinthu chogula m'chitini n'kupaka ndi bulashi. Ndi kapakidwe ka shelaki. Shelaki ndi utomoni umene umatulutsidwa ndi tizilombo ting'onoting'ono totchedwa lac pa nthambi za mitengo ku India ndi ku Thailand. Amauyeretsa n'kuugulitsa wouma, timapepala tonyezimira, ndipo mmisiri amatisungunula mu sipiriti, magalamu pafupifupi 240 pa lita, kapena ochepera apo akafuna wamadzimadzi. Chopakira ndi thonje lokulungidwa m'kansalu kakale kofewa. Shelaki amathiridwa m'kati, pa thonjelo, kuti azituluka pang'onopang'ono podutsa m'nsalu. Dzanja limatera pa tebulo likuyenda kale, limazungulira timizere tobulungira, kenako ngati likulemba nambala 8, n'kunyamuka likuyendabe. Likangoima, kansalu kamamatirira n'kusiya chipsera. Kakayamba kukakamira, mmisiri amadonthezera kadontho kamodzi ka mafuta. Ulendo uliwonse umasiya kachikuto kosaoneka ndi maso, ndipo pamafunika maulendo mazanamazana, ndi masiku opumira pakati kuti ziume. M'bawa uli ndi timabowo tambiri, ndiye asanafike ponyezimira ayenera kutitseka potikita ndi ufa wa mwala wa pumice. Tsiku la chinyezi chambiri, monga limachitira dzinja la ku Zomba, shelaki amachita mbuu, ntchito n'kuima. Ndiye mukaona bambowo atakwinya nkhope, dziwani kuti alamu anu anaononga masabata, osati madzulo amodzi.

Shelaki ali ndi adani atatu: kutentha, madzi ndi mowa. Alamu anabwera nawo onse tsiku limodzi, munthu wa khama. Bala loyeralo ndi chinyezi chimene chatsekeredwa m'kati. Kawirikawiri limachoka mukatikita mofatsa ndi kansalu koviika m'mafuta pang'ono ndi phulusa losefa bwino. Lodyekalo ndi la kachasu, poti mowa ndiwo umasungunula shelaki. Koma auzeni aphunzitsi asalire: shelaki watsopano amasungunukira mwa wakale, ndiye akhoza kukonza pabala pokhapo mpaka osaonekanso. Akanapaka vanishi wa polyurethane, pofuna kubisa bala lakuya akanayenera kupala pamwamba ponse.

Tsopano ndiwadzudzule aphunzitsiwo. French polish anafala cha m'ma 1820, Chippendale atamwalira kalekale. Poyamba mipando ndi matebulo a mahogany ankapakidwa mafuta a linseed, phula la njuchi kapena vanishi. Thomas Sheraton, m'buku lake la mu 1803 lotchedwa The Cabinet Dictionary, anafotokoza za kutikita matebulo ndi mafuta a linseed ndi ufa wa njerwa. Tebulo lodyerapo likufuna zimenezo. Pakani mafuta mopyapyala, pakatha theka la ola pukutani onse otsala, dikirani tsiku kapena awiri, bwerezani kangapo. Pomaliza pakani phula la njuchi losungunulira mu turpentine. Posungunula ikani kachitini m'madzi otentha kutali ndi moto, chifukwa turpentine sachedwa kuyaka. Phula tili nalo kwa alimi a njuchi, si la kuitanitsa kunja. Nsanza zopukutira mafuta a linseed musaziunjike pakona: zimatentha zokha mpaka kubuka moto. Ziyanikeni panja motambasula kapena ziviikeni m'madzi. Oyilo wakuda wa galimoto, mafuta ophikira ndi polishi wofiira wa pansi zisayandikire thabwa labwino.

Chigamulo changa nachi. Tebulo lonyezimiralo lipite pabalaza likasunge Baibulo ndi zithunzi za ana, kapena mugule nsalu yochindikala ndi timphasa toikapo mbale zotentha, mudyerepo monga anthu. Chitenje chanu chibwerere m'chiuno mwa mwini wake lero lomwe. Alamu apepese ndi botolo la sipiriti, koma muwayang'anire, chifukwa sipiriti wa amisiri ndi poizoni, si wolawa.

NDIIPAKE PENTI WOYERA?

Azakhali,
Ndimagwira ntchito ya unamwino kuno ku Leeds. Ndagula kabati yakale ya madilowa pa sitolo yogulitsa katundu wogwiritsidwa kale ntchito. Ndi yakuda, yokandikakandika, ndipo pakona pena viniya wabenthuka. Ndikufuna kuipala ndi makina a sandipepa kenako ndiipake penti woyera kuti igwirizane ndi makatani.
Mwana Wanu wa Kutali, Leeds

Zimitsa makinawo, mwana wa achimwene anga, uike manja kumbuyo. Munthu wophunzira kusamala odwala ukufuna kusenda nkhalamba khungu chifukwa cha makatani?

Yamba wayang'ana pakona pobenthukapo. Viniya wakale wochekedwa ndi sowo ya manja amakhala wochindikala, mamilimita 1.5 mpaka 3, ndipo safanana ponseponse. Wa makina ndi wopyapyala moti sandipepa wa magetsi amamuboola usanamalize nyimbo imodzi. Solola dilowa: mano a m'makona akakhala osafanana kukula, anadulidwa ndi manja. Kumbuyo kwa kabati yakale kumakhala matabwa okhakhala osapakidwa kanthu. Ukaona zizindikiro zimenezi, itana munthu wodziwa za mipando yakale aione usanachite china chilichonse, chifukwa kuda kumene kukukunyansako ndiko amalipirira ogula zinthu zakale, ndipo kukachoka sikubwerera.

Pofuna kudziwa chimene anapaka, nyowetsa kathonje ndi sipiriti ukhudze pamalo obisika. Pakayamba kunata, ndi shelaki. Poyeretsa, kansalu kofinya bwino ndi sopo wofatsa n'kokwanira, upukute msanga, upake phula pang'ono, utikite. Tizidutswa ta viniya tikagwa, sunga mu envulopu, wokonza adzatibwezera ndi guluu wa zikopa. Ukaona timabowo tikutuluka ufa woyera watsopano, ndiye kuti tizilombo tikadali m'kati, pafunika mankhwala. Usaiyandikize ku hita ya m'nyumba, chifukwa kutentha kouma kumang'ambitsa matabwa akale ndi kutukula viniya.

Tsiku lopuma ukwere basi upite ku Harewood House, pafupi pomwepo ndi Leeds, kumene kuli mipando, matebulo ndi makabati amene Chippendale mwini wake anapangira nyumbayo. Ku Otley kwawo, kumene kuli chipilala chake, nakonso si kutali. Ukakaona zimenezo, ukabwerera wekha ukasinthe makatani.

MAWU KWA NONSE

Ana anga, matenda anu ndi amodzi: changu. Wina afuna thabwa liume mwezi umodzi, wina afuna guluu wogwira pomwepo, wina afuna zaka 200 zichoke madzulo amodzi. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Inu amisiri, muziuza makasitomala zoona za chimene chili m'kati, ndipo muzitchula mtengo wa ntchito yodekha mopanda manyazi. Inu ogula, musanatulutse ndalama funsani mafunso atatu: thabwali lauma liti, mwamata ndi chiyani, mwapaka chiyani? Mmisiri akangoseka osayankha, bwezani ndalama zanu m'thumba mupite kwa wina.